Kaundula, Chipinda ndi Mphunzitsi: Makalasi a Mkaka a Boma m'Makomboni a Lusaka

[Kanyimbo kotsegulira pulogalamu]

Pulogalamu ya lero ikukamba za makalasi a mkaka a boma m'makomboni a mzinda wa Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Kalasi ya mkaka, imene ku Malawi amaitchanso ya mmera mpoyamba pomwe anthu ambiri a mu Lusaka amangoti nasale, ndi kalasi yolandira mwana kuyambira zaka 3 kufikira pamene akulowa giredi 1, ndipo ntchito yake si kuphunzitsa kulemba ndi kuwerenga kokha ayi, koma kuzoloweretsa mwanayo kukhala pagulu, kumvera malangizo, kugwira pensulo, kudikira nthawi yake ndi kufotokoza zimene zili kumtima kwake. Akadaulo a maphunziro akafuna kudziwa mmene kalasi yotere ikuyendera amayang'ana chiwerengero cha ana olembedwa m'kaundula, mtundu wa ana ndi mabanja a m'dera limene sukuluyo ili, ndiponso kuchuluka ndi luso la akuluakulu osamalira anawo. Mfundo imene pulogalamu ino ikutsindika ndi yakuti kaundula wa kalasi ya mkaka ya boma m'komboni sasonyeza kuchuluka kwa ana ofuna malo, koma amasonyeza kukula kwa chipinda ndi malire a mphamvu za mphunzitsi, choncho aliyense womuwerenga ngati chithunzi cha ana a m'deralo amasokera.

Boma la Zambia linachedwa kulowa m'ntchito imeneyi, ndipo kuchedwako kukuonekabe m'makomboni mpaka lero. Lamulo loyamba lokhudza malo osungirako ana masana linakhazikitsidwa mu 1957, dziko lidakali m'manja mwa atsamunda, ndipo linapereka udindo wolembetsa ndi kuyendera malowo kwa makhonsolo, osati kwa oyang'anira maphunziro. Ufulu utabwera mu 1964 zinthu sizinasinthe kwenikweni, chifukwa mphamvu zonse za boma latsopano zinapita pa kumanga sukulu za pulayimale ndi za sekondale, ndipo ana osakwana zaka 7 anasiyidwa m'manja mwa makhonsolo, mipingo, anthu a mabizinesi ndi bungwe la Zambia Pre-School Association, limene linayamba mu 1972. Ngakhale ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996, yotchedwa Educating Our Future, inavomereza kuti maphunziro a mkaka ndi ofunika, inanenanso kuti kumanga ndi kuyendetsa sukuluzo kukhale kwa makhonsolo, anthu a m'madera, mabungwe ndi eni ake a sukulu zolipira. Udindowu unasamukira ku unduna wa maphunziro mu 2004, lamulo la maphunziro la mu 2011 linauika m'malemba, ndipo m'boma la a Michael Sata, cha mu 2013, aphunzitsi a mkaka okwana 1,000 analembedwa ntchito ndi boma kwa nthawi yoyamba, kenaka makalasi a mkaka anayamba kutsegulidwa m'sukulu za pulayimale zimene zinalipo kale.

Mawu akuti "zimene zinalipo kale" ndiwo akufotokoza mbali yaikulu ya nkhani ya m'makomboni. Boma silinamange sukulu za mkaka zoima pazokha m'dera lililonse, koma linatenga chipinda chimodzi kapena ziwiri pa sukulu ya pulayimale n'kuzisandutsa kalasi ya mkaka, njira imene inali yachangu ndi yosadya ndalama zambiri, koma imene inamangirira maphunziro a mkaka pa mapu akale a sukulu za boma. Kumene sukulu za pulayimale zinali zochepa, makalasi a mkaka nawo anabadwa ochepa. Ndipo m'makomboni sukulu za boma n'zochepa pa chifukwa cha mbiri ya malowo. Matero anamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950 ngati malo a ogwira ntchito achikuda, ndipo Mtendere anayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ngati malo amene boma linagawa mapuloti kuti anthu azidzimangira okha, choncho madera awiriwa anali ndi dongosolo lina la misewu ndi malo a ntchito za boma. Koma George, Chawama, Kalingalinga ndi mbali yaikulu ya Kanyama anakula pa minda ndi malo okumba miyala a anthu ena, nyumba ikutsamira nyumba inzake, popanda wosiya bwalo la sukulu. Lamulo la nyumba la mu 1974 ndi ntchito yokonzanso makomboni imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inathandiza m'zaka zimenezo ku Chawama ndi ku George zinabweretsa misewu, mipope ndi sukulu zingapo, monga momwe thandizo la dziko la Germany linachitira ku Kalingalinga m'zaka za m'ma 1980, koma anthu anapitiriza kuchuluka mofulumira kuposa zipinda zophunziriramo.

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni m'dziko lonse la Zambia, ndipo oposa 2 miliyoni mwa iwo anali m'boma la Lusaka, mmene anthu ambiri, pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse malinga ndi mmene akadaulo a za mizinda amayerekezera, amakhala m'makomboni. Dera la phungu wa nyumba ya malamulo la Kanyama palokha linali ndi anthu oposa theka la miliyoni. Omvera angathe kudziwerengera okha tanthauzo la chiwerengero chimenechi. Munthu atayerekeza mochepetsa kuti ana obadwa m'chaka chimodzi ndi 2 mwa anthu 100 aliwonse, ndiye kuti Kanyama ali ndi ana osachepera 10,000 a msinkhu umodzi, ndipo atati aikidwe ana 30 m'kalasi iliyonse, pangafunike makalasi oposa 330 kuti ana a msinkhu umodzi wokhawo apeze malo, osawerengera ang'ono awo amene nawonso ndondomeko ya boma imawalola kulowa. Kuwerengera kumeneku n'kongoyerekeza, koma n'kokwanira kusonyeza kuti chipinda chimodzi kapena ziwiri pa sukulu iliyonse ya boma sizingayandikire n'komwe pa zosowa za dera lotere.

Mabuku a ziwerengero amene unduna wa maphunziro umatulutsa chaka ndi chaka, kuchokera pa kalembera wa sukulu amene mphunzitsi wamkulu aliyense amadzaza, ali ndi muyeso umodzi wothandiza, womwe ndi gawo la ana olowa giredi 1 amene anadutsako ku kalasi ya mkaka. M'zaka za 2017 ndi 2018 gawo limeneli linali lisanafike pa ana 3 mwa 10 aliwonse m'dziko lonse, ngakhale kuti chigawo cha Lusaka chinali pamwamba pa zigawo zambiri. Kukwera kwa Lusaka kuyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa muyesowu umaphatikiza mwana wa ku Kabulonga amene anakhala zaka 3 pa sukulu yolipira yokhala ndi bwalo la masewera ndi mwana wa ku George amene anakhala miyezi ingapo m'chipinda cha lendi chopanda zenera, onse n'kulembedwa kuti anadutsa ku mkaka.

[Kanyimbo kakafupi]

Kalembedwe ka ana kamachitika chakumapeto kwa chaka kapena m'masabata oyamba a Januwale, ndipo kholo limayenera kusonyeza msinkhu wa mwana. Apa pali vuto limene ambiri saliganizira. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2018 anapeza kuti ana osakwana zaka 5 amene kubadwa kwawo kunalembetsedwa ku boma anali 14 okha mwa 100 aliwonse, ndipo okhala ndi setifiketi ya kubadwa m'manja anali ochepa kuposa pamenepo. Chotsatira chake n'chakuti chikalata chimene chimagwira ntchito ndi khadi la kusikelo, limene mayi amalandira ku chipatala monga cha Kanyama, cha Matero kapena cha Chawama, kapena ku kiliniki ya Kalingalinga, ya Mtendere ndi ya George. Khadi likanyowa ndi madzi osefukira, likatayika posamuka nyumba ya lendi, kapena likatsala kumudzi pamene mwana wabwera kudzakhala ndi agogo ake kapena azakhali ake, msinkhu umangoyerekezedwa, ndipo m'kalasi imodzi mumapezeka mwana wa zaka 4 ndi wina wa zaka 7 amene anasowa malo ku giredi 1.

Malo akakhala ochepa, wina amalowa wina n'kutsala, ndipo kusankhaku sikuchitika mwachisawawa ngakhale palibe amene anakukonza. Amene amamva msanga za tsiku lolembetsa ndi kholo lokhala pafupi ndi sukulu, kapena limene lili kale ndi mwana wamkulu pa sukulu yomweyo. Amene angathe kuima pamzere m'mawa wonse ndi amene ali ndi womusiyira malonda ake. Mayi amene amalawirira mbandakucha kukapikula ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto, kapena wogwira ntchito ya m'nyumba kumayadi amene sangapemphe tchuthi, kapena wophwanya miyala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga amene chakudya cha tsiku limenelo chimadalira mulu umene waphwanya, amafika mzere utatha. Mtunda nawo umasankha, pakuti mwana wa giredi 5 angathe kuyenda yekha kudutsa msewu wa Los Angeles kapena wa Mumbwa, koma wa zaka 4 amafunika womuperekeza ndi womutenga, ndipo popeza kalasi ya mkaka imaweruka pakangopita maola ochepa, banja lopanda munthu wotsala pakhomo limaona kuti sukulu yaulere ya kutali ikudula kuposa yolipira ya pafupi imene imasunga mwana mpaka madzulo. Motero kalasi imene inatsegulidwa kuti ithandize osauka ingathe kudzaza ndi ana a mabanja opezako bwino a m'komboni momwemo, pomwe osaukitsitsa akutsala pakhomo kapena pa kantemba ka mayi awo.

Kuyambira mu Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linathetsa malipiro a sukulu kuchokera ku mkaka mpaka giredi 12, monga nduna ya zachuma a Situmbeko Musokotwane analengezera m'ndondomeko ya chuma ya mu Okutobala 2021, ndipo ndalama zimene makolo ankasonkha kudzera m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi zinalowedwa m'malo ndi thandizo lochokera ku boma. Ana anakhamukira ku sukulu m'dziko lonse, ndipo kusinthaku kunachotsadi chopinga chachikulu pa mabanja ambiri. Komabe kuthetsa malipiro sikukulitsa chipinda. Kumene kale ndalama ndizo zinkasankha ana, tsopano malo ndiwo amasankha, ndipo mphunzitsi wamkulu amatsala ndi njira zochepa: kubweza makolo, kudzaza ana m'chipinda kuposa muyeso, kapena kugawa kalasi kuti ena azibwera m'mawa ena masana, monga sukulu za mu Lusaka zakhala zikuchitira ndi makalasi a pulayimale kwa zaka zambiri. Thumba la chitukuko cha dera la phungu, lodziwika ndi dzina lakuti CDF, linakwezedwa m'chaka chomwecho kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lathandiza kugula madesiki ndi kumanga zipinda, koma pali mfundo ziwiri zofunika kuzikumbukira. Dera la anthu oposa theka la miliyoni linalandira ndalama zofanana ndi dera la anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo, komanso ndalama zomangira sizithandiza pamene palibe malo omangapo.

Ana olowa m'makalasiwa ali ndi maonekedwe awoawo amene ziwerengero za kaundula, zongogawa anyamata ndi atsikana, sizionetsa. Kafukufuku wa mu 2018 uja anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo unali waufupi poyerekeza ndi zaka zawo chifukwa cha kuperewera kwa zakudya kwa nthawi yaitali ndi matenda obwerezabwereza, ndipo kupinimbira kumayendera limodzi ndi kuchedwa kwa ubongo pa kulankhula ndi kugwira zinthu. Mwana wotere safuna kalasi yosiyana ndi anzake, koma amafuna mphunzitsi wokhala ndi mpata womuona. Ana olumala, amene lamulo la mu 2012 limawapatsa ufulu wophunzira pamodzi ndi anzawo, kawirikawiri safika n'komwe pamzere wolembetsa, mwina chifukwa cha njira zamatope ndi zimbudzi zosawayenera, mwina chifukwa makolo amaopa kuti m'chipinda chodzaza mwana wawo sadzasamalidwa. Palinso kusamukasamuka kwa mabanja a lendi, kumene kumachititsa kuti mayina a m'kaundula wa Januwale asafanane ndi nkhope za m'kalasi pofika Julayi.

Nkhani ya chilankhulo nayo ili m'gulu la maonekedwe a anawa. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2013 inalamula kuti ana aziphunzira m'chilankhulo chodziwika m'dera lawo kuyambira ku mkaka mpaka giredi 4, ndipo mwa zilankhulo 7 zosankhidwa, Lusaka inapatsidwa Chinyanja. Koma komboni ya mu Lusaka ndi malo okumanirana a dziko lonse, mmene mwana wa kholo lolankhula Chibemba, Chitonga, Chinsenga, Chilozi kapena Chisoli amasewera ndi anzake m'Chinyanja cha m'tauni, chimene chimasiyana m'mawu ambiri ndi Chinyanja cha m'mabuku, choyandikira ku Chichewa cha ku Chipata ndi ku Katete. Mphunzitsi wanzeru ankayamba ndi chilankhulo cha pabwalo n'kumakokera ana pang'onopang'ono ku cha m'buku, pamene makolo ambiri, poona kuti sukulu zolipira zikudzitama ndi Chingelezi, ankaganiza kuti kalasi ya boma ikuwachedwetsera ana.

[Kanyimbo kakafupi]

Mbali yolemera kwambiri ya nkhaniyi ndi ya aphunzitsi. Mphunzitsi wa mkaka wa boma amayenera kukhala ndi dipuloma kapena digiri ya maphunziro a ana aang'ono, yochokera ku makoleji monga David Livingstone ku Livingstone ndi Kitwe ku Copperbelt, kapena ku mayunivesite monga Chalimbana ku Chongwe, ndipo amayenera kulembetsedwa ndi Teaching Council of Zambia, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la ntchito ya uphunzitsi la mu 2013. Wolemba ntchito ndi Teaching Service Commission, ndipo wotumiza mphunzitsi ku sukulu ndi ofesi ya mlembi wa bodi ya maphunziro ya boma la Lusaka, amene aphunzitsi amangomutchula kuti DEBS. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, chiwerengero chimene sichinaonekepo m'mbiri ya dzikoli, koma ambiri a iwo anali a pulayimale ndi a sekondale, ndipo ambiri anatumizidwa kumidzi kumene kusowa kunali koopsa. Chodabwitsa cha mu Lusaka n'chakuti mzindawu suli wosowa anthu ophunzira ntchito ya mkaka, pakuti makoleji a boma ndi a eni ake amatulutsa ambiri chaka chilichonse, koma chosowa ndi malo a ntchito olipidwa ndi boma ndi zipinda zowaikamo, kotero kuti mtsikana wa dipuloma amapezeka akuphunzitsa pa kasukulu kolipira ka m'komboni pa malipiro ochepa zedi akudikira kuti dzina lake lidzatuluke m'nyuzipepala.

Chiwerengero cha ana pa mphunzitsi mmodzi chili ndi tanthauzo losiyana ku mkaka ndi ku makalasi a akuluakulu. Mphunzitsi wa giredi 6 wokhala ndi ana ambiri amavutika kuchonga makope, koma angathe kulemba pabolodi ana n'kumakopera. Wa mkaka alibe njira imeneyo, chifukwa ana ake sanafike pokopera, ndipo ntchito yake yaikulu ndi yochitika ndi manja ndi maso: kutonthoza amene akulira mayi ake atachoka, kuperekeza wina ku chimbudzi, kusambitsa m'manja, kutsegula kabokosi ka chakudya, kuona amene watentha thupi, kulekanitsa olimbirana chidole. Akatuluka ndi mwana mmodzi, ena onse amatsala opanda wamkulu. N'chifukwa chake m'maiko amene maphunziro a mkaka anakhazikika, kalasi imakhala ndi mphunzitsi ndi womuthandiza, ndipo muyeso umene amauyang'ana ndi wa ana pa munthu wamkulu aliyense wopezeka m'chipindamo. M'sukulu zambiri za boma othandiza otere, pamodzi ndi osesa ndi alonda, ankalipidwa ndi ndalama za makolo, ndipo malipiro atathetsedwa udindowu unagwera pa thandizo la boma, limene liyeneranso kugula choko, sopo, mapepala ndi kulipira madzi.

Ndondomeko ya mu 2013 inanena kuti gawo lalikulu la nthawi ya kalasi ya mkaka, magawo 60 mwa 100, likhale la masewera, ndipo lotsalalo likhale la maphunziro a pakalasi. Masewera amene akunenedwa apa ndi okonzedwa ndi cholinga, monga kuumba ndi dothi, kusanja zitsekerero za mabotolo malinga ndi mtundu, kuwerenga timiyala, kuchita sewero la msika, kumvera nthano ndi kuibwereza. Zonsezi zimafuna malo pansi ndi timagulu ting'onoting'ono. Ana akadzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi amatsala ndi chida chimodzi chogwira gulu lonse nthawi imodzi, chomwe ndi kuwaloweza pamtima mokuwa, ndipo kalasi ya mkaka imasanduka giredi 1 yaing'ono. Kunena chilungamo, makolo ambiri amasangalala ndi zimenezi, chifukwa mwana wotchula masiku a sabata m'Chingelezi amaoneka wophunzira kuposa wobwera kunyumba ndi dothi m'zikhadabo. Koma akatswiri a za kakulidwe ka ana a pa University of Zambia, imene ili moyandikana ndi Kalingalinga, anasonyeza kalekale kuti dothi lomwelo limaulula nzeru za mwana: a Robert Serpell ndi anzawo anakonza mayeso otchedwa Panga Munthu, mmene mwana amaumba munthu ndi dothi, ataona kuti ana a m'Zambia amasonyeza luso lawo bwino ndi zipangizo zimene anazizolowera kuposa ndi pensulo ndi pepala.

Anthu olimbikitsa maphunziro a mkaka amakonda kutchula kafukufuku wa Perry Preschool wa m'tauni ya Ypsilanti ku Michigan, m'dziko la America, amene anayamba mu 1962 ndi kutsatira ana 123 a mabanja osauka mpaka atakula, n'kupeza kuti amene anadutsa ku mkaka anapita patsogolo ndi sukulu ndi kupeza ndalama zochulukirapo kuposa anzawo. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti m'makalasi amenewo mphunzitsi mmodzi ankayang'anira ana pafupifupi 6, ndipo ankayenderanso mabanja awo sabata iliyonse. Phindu limene linapezeka kumeneko silingayembekezeredwe m'chipinda chilichonse chimene pakhomo pake palembedwa kuti kalasi ya mkaka.

Palinso chizolowezi chimene chimabisika m'ziwerengero za aphunzitsi. Sukulu ikasowa mphunzitsi wa giredi 1 kapena 2, wa mkaka ndiye amasunthidwa kukatseka mpatawo, chifukwa makalasi a pulayimale amaonedwa kuti ndiwo sukulu yeniyeni, ndipo nthawi zina zimachitika mosemphana, mphunzitsi wa pulayimale wosaphunzira za ana aang'ono n'kupatsidwa kalasi ya mkaka poganiza kuti ndi ntchito yopepuka. Papepala sukuluyo imaoneka kuti ili ndi mphunzitsi wa mkaka, pamene m'chipindamo muli wina. Ambiri ogwira ntchitoyi ndi akazi, ndipo mphunzitsi mmodzi yekhayo akapita ku tchuthi cha uchembere kapena akadwala, kalasi yonse imadalira chifundo cha aphunzitsi anzake.

Pa nkhani ya osamalira ana, Malawi anasankha njira ina, ya sukulu za mmera mpoyamba zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi pansi pa unduna woona za jenda ndi ana, mmene alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo njirayo imafika kutali koma imavutika kusunga alezi ake. Zambia inasankha mphunzitsi wa dipuloma wolipidwa ndi boma, njira yolimba koma yofalikira pang'onopang'ono. Pofuna kulumikiza ziwirizi, ntchito ya Zambia Enhancing Early Learning, yothandizidwa ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi thumba la Global Partnership for Education, inabwera ndi dongosolo lakuti kalasi ya pa sukulu ya pulayimale ikhale likulu loyang'anira timasukulu ting'onoting'ono ta m'midzi yozungulira. Dongosolo limeneli linakonzedwa poganizira kwambiri madera a kumidzi, koma nzeru yake ikuyenera makomboni, chifukwa timasukulu ting'onoting'onoto tilipo kale: ta mipingo, ta eni ake, ndi sukulu za anthu a m'dera zimene zinayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba ntchito mu Lusaka. Ana ambiri a m'komboni amene amapita ku mkaka amapita kumeneko, ndipo zambiri mwa sukuluzi sizilembetsedwa ku unduna, choncho ana ake salowa m'kalembera wa sukulu.

Chaka cha sukulu m'makomboni chimadaliranso mvula. Kanyama ndi George akhala pa thanthwe la laimu limene madzi ake a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikachuluka zimbudzi zokumba zimasefukira m'zitsime zosazama. Kolera wa mu 2017 ndi 2018 anachedwetsa kutsegulira sukulu, ndipo mu 2024 tsiku lotsegulira linasunthidwa kuchoka pa 8 Januwale kufika pa 29 Januwale, kenaka pa 12 Febuluwale, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Masabata otayika otere amagwa pa nyengo yeniyeni yolembetsa ndi yozoloweretsa ana atsopano, ndipo amakumbutsa kuti mpope, sopo ndi chimbudzi cha msinkhu wa mwana wamng'ono ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi madesiki poyeza kuti kalasi ingalandire ana angati.

Maiko a dziko lapansi, kuphatikizapo Zambia, anagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 mwana aliyense akhale ndi mwayi wa maphunziro abwino a mkaka, koma ofesi ya maphunziro singakonze zofikira mwana aliyense ngati ili ndi mayina a olandiridwa okha. Sukulu iliyonse ya m'komboni itasunga buku lachiwiri, la ana amene anabwera n'kubwezedwa, lokhala ndi msinkhu wawo ndi chigawo chimene akukhala, ndipo bukulo litayerekezedwa ndi mabuku a kusikelo a chipatala chapafupi, mmene ana ambiri a m'deralo amalembedwa polandira katemera, DEBS ndi komiti ya CDF angakhale ndi umboni wosonyeza pamene chipinda chotsatira ndi mphunzitsi wotsatira ayenera kupita.

Kufunika kwa umboni wotere kwakula chifukwa cha ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya mu 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 ku mkaka, ku giredi 1 ndi ku fomu 1. Ndondomekoyi inafupikitsa pulayimale kukhala ya zaka 6, inatsitsa msinkhu wolowera giredi 1 kuchoka pa zaka 7 kufika pa zaka 6, ndipo inabwezeretsa Chingelezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira ku mkaka, zilankhulo za m'dziko n'kutsala zothandizira kufotokoza. Kutsika kwa msinkhu wolowera giredi 1 kukutanthauza kuti ana otsala m'kalasi ya mkaka ndi aang'ono kuposa kale, ofuna kunyamulidwa ndi kuperekezedwa ku chimbudzi mowirikiza, choncho chiwerengero chomwecho cha ana m'kaundula chikufuna manja ambiri kuposa m'mbuyomu. Kukutanthauzanso kuti mwana wa ku Chawama kapena ku George amene sanapeze malo ku mkaka adzakumana ndi giredi 1 ali wamng'ono ndi chaka chathunthu, m'chilankhulo chimene pakhomo pawo sichilankhulidwa, pamodzi ndi anzake amene anachimva kale kwa zaka ziwiri kapena zitatu.